Jekete la pa kaunjika linandisandutsa kazitape

Inu owerenga, ngati munamvapo za munthu amene anapha wailesi ya eni ake ndi jekete, musavutike kufufuza, ndine. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima, ngakhale theka la mkwiyowo limabwerera kwa ine ndemwe.

Ndinkakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Ndirande. Luso linalipo, koma chimene ndinatchuka nacho ndi kunenerera. Ine sindigula kanthu osadandaula. Mutandituma bokosi la maliro, kalipentala angalire kuposa anamfedwa.

Chaka cha riferendamu, nyengo yozizira ija, ntchito inachuluka chifukwa aliyense ankafuna kumva zimene akunja akunena za dziko lathu. Ndiye kunabwera a Gondwe, bambo a ku Rumphi ogwira ntchito m'boma, okhala ku Chitawira. Anabweretsa wailesi ya manambala owala imene mwana wawo anawatumizira kuchokera kunja. Manambala ankayaka, koma mawu zii. Anandinong'oneza kuti ichire zotsatira zisanalengezedwe, ndiponso ndisauze munthu masiteshoni amene amatchera. Masiku amenewo wantchito wa boma sankadziwa womukhulupirira.

Nditaitsekula ndinapeza kuti chafa ndi kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri ngati bongololo, kamene ife timati ayisi. Ndinapita ku Bangwe kwa a Zuze, mkulu wogulitsa zipangizo zoterezi. Anakatulutsa kali kobayidwa pa siponji yakuda, kokutidwa ndi pepala lonyezimira. Ndinanenerera mpaka malovu kuuma, iwo osasuntha. Pamenepo ndinati achotse zokutirazo, popeza ine ndikugula kachipangizo, osati zovala zake.

"Achimwene, siponjiyi si yokongoletsa," anatero. "Kanthuka kamaopa magetsi a m'thupi mwanu."

Ndinawaseka pagulu. Magetsi m'thupi mwa ine, munthu woyatsa koloboyi kunyumba? Atatopa nane anatsitsako mtengo pang'ono. Ndinakazula pa siponji paja, nkukaponya m'kajumbo ka shuga, nkulowetsa m'thumba la jekete.

Jeketelo ndi lofunika mulidziwe. Linali la nayiloni, lofiira, la pa kaunjika. Ndikamalivula linkathetheka, ubweya wa m'mikono nkuima njo. Ine ndinkati ndiye umboni wakuti ndi katundu weniweni wakunja. Ndinakhuzana nalo pamipando ya pulasitiki m'minibasi kuchokera ku Bangwe mpaka ku Ndirande, nsapato zanga za mphira kuphazi. Nditafika ndinagwira ayisi ija miyendo nkuiika m'malo mwake, ndipo chala chitangokhudza mkati mwa wailesi ndinamva kanthu kakundiluma, tswa! Sindinasamale. Ndinawotcherera, nkuyatsa. Inu, ngakhale manambala aja amene anabwera amoyo anali atazima.

Ndinathamangira ku Bangwe, nkuyamba kukuwa ndili kutali kuti a Zuze ndi mbava yogulitsa zinyalala. Anthu anasonkhana. Mkuluyo sanakweze mawu. Anangoti ndivule jekete ndigwire chitseko chawo chachitsulo. Nditatero kamoto kanalumpha pachala, ine nkudumpha ngati ndaponda khala.

"Mbava ndi imene munaivalayo," anatero. "Ndipo pano musadzapondenso. Mukagule kumene amagulitsa zamaliseche."

Gulu linaseka mpaka amayi a tomato kugwira nthiti. Koma zimenezo zinali zochepa. Madzulo ake a Gondwe anafika, nkuyang'ana wailesi yawo nthawi yaitali, kenako nkundiyang'ana ine.

"Wakutumani ndani?"

Ndinayesa kufotokoza za jekete, ndiye ndinangothira palafini pamoto. Anati ndikuwayesa mwana. M'maganizo mwawo ndinaipha dala kuti asamve za kunja, ndipo dzina lawo ndinali nditalipereka kale kwinakwake. Zimenezi anaziyankhula mokweza, pakhonde podzaza anthu. Ndirande simusowa kumuuza kawiri. Sabata isanathe ndinali kazitape. Anthu amene ndinawakonzera mawailesi zaka zambiri anabwera kudzalanda awo ali chitsegulire, mawaya akulendewera. Mwini sitolo, amene ndinkadya naye chipisi mbale imodzi, anati ndichoke anthu asanamuwotchere malo. Miyala itayamba kugwa padenga ndinasamutsira banja ku Machinjiri. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti kazitape wanji wovala sokosi zobooka. Amenewo sindinawakhululukire, ndipo asayembekeze.

Tsono inu amene mumagwira ntchito imeneyi, mverani. Kachipangizo kasiyeni pa siponji yake mpaka nthawi yokaika. Siponji ikasowa, kakuteni ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, osati jumbo. Nayiloni ndi majuzi othetheka vulani, makamaka kukauma ndi kuzizira, muvale malaya a thonje ngakhale mano agwedezeke. Wailesi muizule kaye ku magetsi, mugwire paipi yachitsulo ya mpopi, ndipo ayisi muzigwira pamsana, miyendo ayi. Wogulitsa akakuchenjezani, tsekani pakamwa. Si mawu onse a wamalonda amene ali okweza mtengo.

A Zuze ndinakawapepesa, anandiyankha ndi msana. A Gondwe tikakumana m'tauni amawoloka msewu. Ndipo dzina lija la kazitape ndalinenerera zaka zonsezi, ine katswiri, koma ku Ndirande silinatsikepo mtengo.