Buku Loyambira Kumbuyo

Amalume anga anabwerako ku nkhondo ya ku Burma ndi chikhoti cha usilikali ndi buku la zithunzi la Ajapani. Kuwerenga sankadziwa, koma Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ankakhala pakhonde pawo ku Mlangeni, anthu n'kuwazungulira, iwo n'kumafotokoza nkhani ya m'bukumo chala chili pachithunzi.

Ine ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo ndinkadzitukumula ngati finye. Mabuku a zithunzi ndinkati ndimawadziwa, poti anyamata ochokera ku Joni ankabwera ndi mabuku otere a Azungu. Amenewo anali opyapyala, amitundumitundu, ndipo m'kabokosi kalikonse ka chithunzi munali chochitika: uyu akumenya mnzake chibakera, uyo akuthawa pahatchi. Ukangotsegula masamba ochepa, woipa wagwidwa, nkhani yatha. La amalume linali lamtundu wina. Linali lochindikala, lakuda ndi loyera basi, malemba ake otsika kuchokera pamwamba ngati mzere wa nyerere. M'timabokosi tina simunkachitika kanthu, mvula yokha ikugwa padenga. Tsamba lina lonse lathunthu linali nkhope ya mayi ali chete. Ndinkati wojambulayo anali waulesi.

Chimene chinkandinyansa kwambiri n'choti amalume ankalitsegulira kumbuyo, chala n'kumayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nkhani yawo inali ya mnyamata amene anatsanzika mayi ake, nakwera sitima ya pamadzi, n'kukathera kudziko lachilendo ali yekha pamvula.

Lamlungu lina panali anthu ambiri, kuphatikizapo akulu a mpingo awiri ndi mtsikana wina amene ndinkafuna kuti andione. Ndinawalanda bukulo m'manja.

"Amalume, buku sayambira kumbuyo," ndinatero. "Zaka zonsezi mwakhala mukulowera m'nyumba pazenera."

Anthu anafa nacho chiseko. Ndinalitsegula monga tinaphunzirira kusukulu, n'kufotokoza nkhani yanga: munthu ali yekha pamvula, wakwera sitima, wafika kwawo, mayi ake akumulandira pakhomo. Amayi ena anaomba m'manja, amvekere nkhani ndi imeneyi, osati zoliritsa zija.

Amalume sanakwiye. Anadikira kuti phokoso litsike, kenako anayankhula pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, mwini bukuli ndinkamulondera ine ali mkaidi. Ankayambira uku. Ndipo kwawo sanafike."

Ndi ochepa amene anamva. Wina anakuwa kuti msilikali wagonja kwa choko, chiseko n'kuyambiranso. Amalume anaimirira, nati nditenge bukulo poti wodziwa ndi ine.

Sabata yomweyo, ana ataweruka, ndinakhala ndekha m'kalasi n'kuliyang'ana bwino. M'kawerengedwe kanga, mbale ya mpunga inkadzaza munthu akamadya. Ndevu za mnyamatayo zinkafupika, nsapato zong'ambika n'kusanduka zatsopano. Mayi uja pakhomo sankalandira katundu wa mwana wake, ankamupatsa kamba wa paulendo. Nditatembenuza bukulo n'kutsata njira ya amalume, zonse zinaima bwino. Nkhope ija ndinkati ndi ulesi inali pomwe mwana wangochoka kumene, ndipo wojambulayo anangofuna kuti nawe ukhale naye chete mayiyo. Manyazi anandigwira, ngakhale m'chipindamo munalibe wondiona.

Kukonza kwake kunali kosavuta: kudikira Lamlungu, kuima pakhonde lomwelo, n'kunena kuti wolakwa ndi ine. Koma ndinaopa kuti ana asukulu amva, ndipo mphunzitsi wogonja kwa munthu wosadziwa A angamumverenso ndani? Ndinati Lamlungu likubwerali, kenako ndinati linalo. Mapeto ake bukulo ndinakalibweza mozemba, kupatsira akazi awo, eni ake ali kudimba la kachewere.

Sanalitsegulenso pagulu. Anthu anasiya kusonkhana pakhondepo, ndipo ana akaona mnzawo wavala malaya chotembenuza ankamutchula dzina la amalume. Ena mwa anawo anali a m'kalasi mwanga, ndipo ndinkawamva. Tikakumana panjira amalume ankandipatsa moni mwaulemu, kufunsa za ntchito, ine n'kumayankha maso ali pansi.

Anamwalira patapita zaka ziwiri, mudzi wonse ukuwadziwabe ngati munthu wogwira buku chozondotsa. Pamaliro awo anasankha ine kuti ndiwerenge Mawu, poti ndinali wophunzira wa pabanjapo. Ndinaimirira kumutu kwa bokosi lawo, ndipo ndinawerenga bwinobwino osaphonya.