Shazli Wometa ndi Nsomba Imene Mkulu Wake Anamusiyira

Shazli anandimeta zaka makumi anayi, ndipo zaka zonsezo sindinamumvepo akunena kuti chinthu chamukanika. Ankametera mumsewu wotsikira kudoko kuno ku Quseir, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'kachipinda kopapatiza kokhala ndi mipando iwiri, benchi ya odikira ndi kalilole wothimbirira m'mphepete. Tonse tinkamutchula kuti Usta, monga timatchulira mmisiri aliyense wodziwa ntchito yake.

Anabadwira m'banja la asodzi, koma matenda anamupuwalitsa mwendo wamanzere ali ndi zaka zinayi. Abale ake ankapita kumatanthwe a m'nyanja n'kumabwera ndi nkhani za nsomba zachikasu ndi zamawangamawanga, iye n'kumangomvera ali pamchenga ndi ndodo yake. Bambo ake anamupereka kwa wometa wina kuti aphunzire lumo. Anakula, anakwatira Wahiba, anabereka mwana wamkazi dzina lake Samiya, koma pansi pa nyanja imene inkamveka mkokomo pakhomo pake sanapaonepo ndi maso.

N'chifukwa chake tsiku lina anapita kwa Girgis, mnzathu wodula magalasi, kukamupempha kabokosi kagalasi koti kakwane pashelefu pansi pa kalilole. Kanali kakang'ono, madzi a ndowa ziwiri kadzadza. Anagula kapampu kotulutsa thovu, anaikamo mchenga ndi mwala, ndipo mkulu wake Atiya, amene anali msodzi, anayamba kumubweretsera tinsomba totsalira m'mono, tosayenera kudya.

Tinsombato sitinkatha masabata atatu. Kanafa koyamba, kachiwiri, mpaka kachisanu ndi chiwiri. Komatu Shazli ankatisamala ngati ana. Dzuwa la kwathu limamwa madzi, moti m'mawa uliwonse madzi a m'kabokosimo ankapezeka atatsika zala ziwiri. Iye ankatenga ndodo ndi ketulo, n'kutsimphina mpaka kugombe, kutunga madzi a m'nyanja n'kudzadzaza. Tonse tinkaona kuti akuchita bwino. Nsomba ya m'nyanja ungaipatsenso madzi ati?

"Usta," ankatero Girgis ali pampando, "ine ndinakupangira nyumba, iwe waisandutsa manda."

"Ukamaliza kulalatako ukweze chibwano," ankayankha Shazli. "Lumo lili m'manja mwanga, osati mwako."

Chaka chimenecho Atiya ankatsokomola kwambiri. Ulendo wake womaliza kunyanja anabwera ndi kansomba kotalika ngati chala chachikulu, kabuluu, kokhala ndi mizere yoyera yokhotakhota. Anakakhuthulira yekha m'kabokosimo.

"Mphwanga, aka ndi komaliza," anatero akuseka. "Ukakapha aka usadzandipemphenso. Udzayambe kuweta nkhunda."

Patatha masiku khumi tinamuika m'manda. Shazli anatseka kachipinda kake masiku atatu a maliro, ndipo atatsegula anapeza madzi atatsika kwambiri. Anapita kugombe monga mwa nthawi zonse, anadzazamo. Pofika masana kansombako kanali katagonera pangodya, mizere itazilala, kakupuma mwawefuwefu ngati mmene anzake ankachitira akatsala pang'ono kufa.

Ine ndinali pampando, sopo ali tsaya limodzi, pamene Wahiba analowa ndi mbale ya nyemba ndi buledi. Anaona mwamuna wake ataima ndi lumo m'manja, osameta, maso ali pagalasi. Anaika mbale pabenchi, anaviika chala m'madzimo, analawa n'kulavulira panja.

"Bambo a Samiya, awa ndi madzi a nsomba kapena amchere aja timasungiramo mandimu?"

"Ndatunga ndekha m'mawa uno, mayi a Samiya. Ndi a m'nyanja."

"A m'nyanja ndi awo atsala m'ketulomo. Talawani onse awiri."

Analawa. Nane ndinalawa, sopo ali kumaso. A m'ketulo anali nyanja imene timaidziwa, koma a m'kabokosi ankawotcha lilime.

"Msuzi ukauma pamoto ndimathiramo chiyani?" anafunsa Wahiba. "Madzi, kapena msuzi wina wamchere? Dzuwa limamwa madzi okha, mchere limausiya momwemo. Inu tsiku ndi tsiku mwakhala mukusanjikiza mchere pa mchere, m'kabokosi kochepa ngati poto wanga."

Shazli anayang'ana m'kabokosimo. Ndikuganiza kuti ankawerenga tinsomba tisanu ndi tiwiri tija. Kenako anati, "Pita ukanditengere madzi a mumtsuko."

Masiku amenewo madzi akumwa ankatifika kawiri pa sabata kuchokera kutali kumtsinje wa Nailo, ndipo mayi aliyense ankasunga mtsuko wake ngati mwana wakhanda. Wahiba anamuyang'ana mwamuna wake, anapita. Shazli anathira madziwo kapu imodzi imodzi, akudikira pakati, kuopa kukadzidzimutsa kansombako. Ine ndinatuluka tsaya limodzi lometa, lina ayi, ndipo sindinadandaule. Wahiba anajambula mzere pagalasi ndi utoto wofiira wa zikhadabo wa Samiya. Kuyambira tsikulo, madzi akatsika pamzerewo ankadzazamo akumwa. A m'nyanja ankalowa pokhapokha akayamba wachotsamo akale. Kuti mtsuko wa kunyumba usachepe, Shazli analeka tiyi wake wamadzulo.

Asodzi atamva anabwera kudzaseka pakhomo.

"Usta akumwetsa nsomba madzi a Nailo! Mawa aigulira fodya."

"Muiphunzitsenso kuyenda ndi ndodo, Usta, izikuperekezani kumzikiti!"

"Sekani," ankatero Shazli akunola lumo pachikopa. "Inu mumadziwa kuzipha. Kuzisunga zamoyo mufunse mkazi wanga."

Kansombako kanadzuka. Anakatcha Hanim, dzina limene timapatsa dona wolemekezeka, chifukwa kankayenda mwamatama. Masabata atatu anadutsa, miyezi, chaka.

Vuto lachiwiri linabwera pang'onopang'ono, moti ife obwera kamodzi pa sabata sitinalione msanga. Hanim anakula. Mizere yoyera ija inatha, thupi lonse linakhala labuluu, ndipo pambali panatuluka banga lachikasu. Pofika chaka chachitatu anali woposa chikhatho changa. Kuti atembenuke ankachita kupinda thupi. Mlomo unayamba kunyuka chifukwa chokhula pagalasi, zipsepse zinang'ambika m'mphepete, ndipo tsiku lina anakana kachidutswa ka nkhanu kamene ankakakonda.

"Ingoisiya," anatero Girgis. "Nsomba imakula molingana ndi nyumba yake. Ikaona kuti malo atha ileka yokha."

"Mwana nsapato ikamuchepera, phazi limaleka kukula?" anafunsa Shazli. "Limangopindika. Ine za miyendo yopindika usandiphunzitse."

Ine ndinati, "Usta, bwanji osaibwezera kunyanja? Kwawo ndi komweko."

Anandigwira dzanja n'kuliika pamwamba pa madzi. Hanim anabwera n'kuyamba kunditsopa zala.

"Waona? Amabwera kwa dzanja lililonse. Ndikamutaya kumatanthweko, dzuwa lisanalowe akhala ali m'mono wa wina. Achimwene anandisiyira ine, sanasiyire nyanja."

Madzulo ake anatenga chingwe n'kuyeza kachipinda konse. Thanki yoti nsomba yotere isambire momasuka inkafuna khoma lonse lakumanja. Izi zinatanthauza kuchotsa benchi ya odikira pamodzi ndi mpando wachiwiri. Mpando umenewo ndi umene anaphunzirirapo lumo ali mwana, ndipo pa masiku oyandikira chikondwerero, anthu akachuluka, ankapaka munthu wina sopo pamenepo kwinaku akumeta wina.

"Ndiye anthu azikhala pati?" anafunsa Wahiba.

"Panja pali mthunzi."

"Mthunzi wa ola limodzi! Bambo inu, mutu wanu ndi wouma kuposa wa bulu wa ngolo yamadzi."

Anatero, koma m'mawa mwake anabwera ndi thanga lakale la bwato la Atiya, analisoka mobowoka, ndipo tinalimanga pakhomo kuti likhale mthunzi.

Girgis anapeza galasi lochindikala la zenera la sitolo yakale ya kumgodi wina wa kufupi ndi kwathu. Thanki yoyamba titaidzaza kufika pakati, inamveka "tha!" pangodya, madzi onse n'kukhuthukira pansi, tsitsi losesedwa n'kumayandama mpaka mumsewu. Girgis anagwira mutu. Shazli anangotenga tsache.

"Walakwitsa pati?" anafunsa.

"Pansi sipanalingane, ndipo m'mbali mukufunika zitsulo."

"Ndiye Loweruka ubwere ndi zitsulo."

Awiriwo anamanga maziko a njerwa, anawalinganiza ndi chingwe, ndipo wowotcherera zitsulo anapanga felemu. Zonsezi zinatenga miyezi iwiri. Nthawi yonseyo Shazli ankasintha madzi a m'kabokosi kakang'ono tsiku lililonse, maulendo awiri kugombe pa mwendo umodzi, kuti Hanim apirire. Thanki yachiwiri inadzazidwa Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti. Asodzi omwe ankaseka aja anandanda kuchokera kugombe mpaka pakhomo, akupatsirana ndowa, akutukwana kuti wometa wawasandutsa abulu. Wahiba anajambulanso mzere wofiira. Shazli anaikamo miyala ya m'nyanja n'kudikira masabata awiri kuti madzi akhazikike, ngakhale tonse tinkamufulumizitsa.

Anasamutsa Hanim m'beseni lophimba ndi chopukutira chonyowa. Tinadzadza pakhomo kuti tione nsomba ikuthamanga khoma lonse. Sinathamange. Inasambira pang'ono, mtunda wa kabokosi kakale kaja, n'kupinda thupi, n'kubwerera, ngati galasi likadali pomwepo. Inatero tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu.

"Mpando wapita pachabe," anatero Girgis chapansipansi.

Shazli sanakwiye. Anasiya kuika chakudya pangodya yozolowera, n'kumakaima kumapeto kwina kwa thanki, zala zili m'madzi, kachidutswa ka nkhanu kali m'manja. Ankaima choncho pakati pa kumeta munthu ndi munthu, pa mwendo wabwino uja. Tsiku lachinayi ndinali pampando umodzi wotsalawo pamene ndinaona m'kalilole Hanim atafika pamalo obwererapo aja, ataima, zipsepse zikugwedera. Kenako anadutsa. Anayenda khoma lonse mpaka pazala za Shazli, anadya, n'kutembenuka thupi lili chiwongokere.

"Usta," ndinatero, "ndiye undimeta kapena ndizipita?"

"Dikira," anayankha osandiyang'ana. "Akubweranso."

Hanim anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'thanki imeneyo. Zaka zonsezo Shazli ankameta chigongono chikugunda galasi, ife tikudikira panja pa mabokosi, pansi pa thanga la Atiya, ndipo tiyi wamadzulo sanamubwererenso.