Wotchi inkati ndili bwino

Ludzu ndi limene linayamba. Munali mu Juni, mwezi umene kuno ku Mzimba kumazizira mpaka zala kukanika kugwira choko, koma ine ndinkamwa madzi ngati munthu wochokera kudimba mu Okutobala. Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale pano paboma, ndipo botolo limene ndinkalowa nalo m'kalasi linkatha belu loyamba lisanalire. Kenako ndinayamba kutaya madzi pafupipafupi, n'kumatopa popanda chimene ndagwira.

Izi zisanayambe, mwana wanga Wongani, amene amagwira ntchito ku Joni, anali atanditumizira wotchi kudzera mwa anyamata onyamula katundu. Si yongoonera nthawi. Kunsi kwake kuli kagetsi kobiriwira kamene kamawerenga kugunda kwa mtima. Imawerenganso mapazi amene munthu waponda, ndi makalori, kutanthauza mphamvu ya chakudya imene thupi lawotcha tsiku limenelo. Wongani ankadandaula kuti ndanenepa kwambiri, ndipo sankanama. Ankafuna kuti ndiziyenda, ndizimutumiziranso chithunzi cha manambalawo pafoni.

Lamba wa wotchi ija anali wa dzanja lachimuna. Ngakhale ndimange pabowo lomaliza, wotchiyo inkasewera padzanja ngati chibangili. Sindinaone vuto. Kunena zoona ndinkaikonda choncho, chifukwa inkaonekera bwino ndikakweza dzanja pabolodi.

Loweruka ndimapita kumunda kwathu ku Engutwini pa kabaza ya njinga yamoto. Msewu wake ndi wamabampu, munthu amafika msana utaphwanyika. Masiku amenewo ndi amene wotchi inkandiyamikira kwambiri. Inkanjenjemera padzanja n'kundiuza kuti ndayenda kutali ndipo ndawotcha makalori ambiri, pamene ine ndangokhala kumbuyo kwa njinga. Ndikapeta chimanga kapena kuchapa, manambala ankakweranso. Ndiye ndinkadziuza kuti munthu wogwira ntchito chotere ayenera kubwezeretsa mphamvu. Ndinkamwa chindongwa, thobwa lathu la kuno, chothira shuga makapu angapo, ludzu osatha.

Pofika mu Ogasiti ndinali nditawonda moti masiketi onse ndinawapititsa kwa telala. Kuno munthu akayamba kuwonda, anthu safunsa, amangotsitsa mawu akakuona. Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi mayi wina wachikulire anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Mwaghanda chomene, anyaPhiri. Muli makora?" Ankafunsa ngati ndili bwino, poona kuwondako. Ndinadziwa chimene amayi ena amene anali pompo ankaganiza, kuti mwina ndili ndi kachilombo. Ndinakweza dzanja n'kuwaonetsa manambala, n'kuwafotokozera kuti ndikuwonda mwadala, mwana wanga ndi amene wandiyambitsa. Amayi anaunjikana kuona kagetsi kaja, ena mpaka kundisirira. Kuyambira tsiku limenelo wotchi inakhala yondiyankhira. Mumtima ndinali ndi mantha, koma ndikayang'ana padzanja manthawo ankayamba achepa.

Amuna anga, bambo a Wongani, sanakhutire. Anandiuza kangapo kuti tipite kuchipatala. Ndinawaonetsa kuti mtima ukugunda bwinobwino, nambala yake siyikusintha. Anaimbira mwana wawo, iyenso anati zithunzi zimene ndikutumiza zikusonyeza munthu wathanzi. Anatsala okha, wotchi ndi mwana zili mbali yanga, ndipo anasiya kundikakamiza.

Mu Seputembala maso anayamba kuchita chifunga. Zolemba za ana ndinkaziyandikitsa kumaso. M'mawa wina ndikulemba pabolodi ndinamva chizungulire, m'kamwa muli gwa, mtima ukuthamanga moti ndinkaumva m'makutu. Ndinakhala pampando n'kuyang'ana padzanja. Wotchi inkati 78. Ndimakumbukira kuti ndinaikhulupirira kuposa chifuwa changa chomwe, n'kuimiriranso kuti ndipitirize phunziro. Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinagwera pa desiki lakutsogolo, ana n'kuthamangira ku ofesi akulira.

Ndinatsitsimuka tili m'galimoto ya aphunzitsi aakulu. Kuchipatala anthu anali atadzaza mabenchi, ena atakhala pansi m'khonde, koma poona mmene ndinalili anandilowetsa msanga. Namwino anakankhira wotchi m'mwamba, popeza inali itayamba kufika pafupi ndi chigongono, n'kuika zala zake pamtsempha. Anawerenga mwakachetechete, kenako anati, "Mama, mtima wanu ukupitirira 120." Anandibaya chala kuti ayeze shuga. Kamakina kake sikanapereke nambala, chifukwa shuga anali atapitirira pamene iko kamalekezera kuwerenga.

Anandigoneka m'wodi ya amayi. Anandiika madiripu otsatizana chifukwa thupi linali litauma, n'kuyamba kundibaya jakisoni wa insulini. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, ndi amene anali gadiyani, ankagona pamphasa pafupi ndi bedi. Moyo wa m'wodi ndi wodikira. Kukacha anamwino amabwera kudzabaya chala, kenako mumadikira madokotala, akadutsa mumadikira mankhwala, kenako nthawi yoti abale alowe. Zala zanga zonse zinatupa ndi kubayidwa. Anandiyezanso magazi pa za kachilombo zija, sanakapeze. Ndinalira, osati chifukwa cha chisangalalo chokha, koma poganiza kuti chinthu chimene ndinkachiopa osachitchula chikanatha kuyezedwa kalekale, ndipo shugayo akanapezeka tsiku lomwelo.

Dokotala amene ankationa anaitenga wotchi ija n'kuitembenuza. Sanainyoze. Anati zoterezi zimathandiza kulimbikitsa munthu kuyenda, ndipo pa kugunda kwa mtima zimayandikira zoona ngati zagwira khungu bwino munthu atakhala phee. Ikakhala yolendewera, kagetsi kaja kamawerenga zosokonekera. Za makalori anati imangoyerekeza potengera kugwedezeka kwa dzanja, msinkhu ndi kulemera kumene munailembera. "Siyiona magazi anu, mama," anatero. "Munkawonda chifukwa chakudya chinkangotuluka ndi mkodzo, thupi n'kumadzidya lokha." Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mmene ndinkawondera, lamba ankakhwepa, ndipo mmene ankakhwepera, wotchi inkanama kwambiri. Pamene ndinkadwalitsitsa m'pamene inkanditsimikizira kuti ndili bwino.

Wongani anaimba ndili m'wodi momwemo. Anangoti, "Amama, ndine ndakupwetekani." Ndinamuuza kuti ayi, iye anatumiza chimene anaona kuti chithandiza mayi ake, ndipo ali kutali choncho analibe njira ina yondionera. Zimandiwawa mpaka lero kuti mwana amene ankandifunira moyo anasenza mlandu umenewu ali yekha kudziko la eni.

Ndinatuluka patatha pafupifupi milungu iwiri. Tsopano papita chaka. Jakisoni anandisiyitsa, ndimamwa mapiritsi, ndipo mwezi uliwonse ndimakakhala pamzere wa odwala shuga ndi anzanga amene tinazolowerana. Chindongwa chothira shuga ndinasiya. Thupi labwerera pang'ono, maso anayera, ndinayambiranso kuphunzitsa. Wotchi ndimavalabe, wosoka nsapato wa kumsika anaboola mabowo ena palamba. Imandikumbutsa kuti ndiyende, basi. Za thanzi langa ndimakafunsa kuchipatala.

Ndalemba izi chifukwa mawotchi amenewa achuluka m'tauni muno, ambiri otumizidwa ndi ana athu. Valani, koma mukayamba kumva ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, kuwonda osadziwa chifukwa chake, kapena mtima kuthamanga, pitani akakuyezeni sabata yomweyo, nambala ya padzanja inene zimene inene. Kubaya chala sikutenga nthawi.

Ine ndinachedwa, ndipo china chake sichinabwerere. Zala za kumapazi kwanga zinachita dzanzi, dokotala akuti mitsempha yake inawonongeka m'miyezi imene shuga anali wokwera ija. Ndikhoza kuponda minga osamva. Choncho ndikabwera kumunda, bambo a Wongani amandikhazika pakhonde, amavala magalasi awo, n'kuyang'ana mapazi anga chala chimodzichimodzi ngati pali bala. Sananenepo n'kamodzi komwe kuti paja anandiuza tipite kuchipatala.