Mlendo wa ku Joni pa Tsamba la Uchi

A Gilibati Chimphonda a ku Mitundu ndi munthu woti akaona kamera amayamba akonza kolala, ngakhale wojambulayo atabwerera ng'ombe. Anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo atayamba kuweta njuchi cha kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ife a m'kalabu ya alimi a njuchi tinawasankha kukhala mlembi. Tikanasankhanso ndani? Tayi anali nayo ndi okhawo.

Inali nthawi ija mabungwe ankaphuka ngati bowa, matipate atakhazikika. Bungwe lina linatipangira webusayiti yoti anthu akunja azionapo uchi wathu, kenako thandizo lake litatha linapakira n'kutisiyira. Yonse inagwera a Gilibati. Mwezi ndi mwezi ankakwera minibasi kupita ku tauni, kwa mayi wina dzina lake Maria amene anali ndi kashopu ka makompyuta. Maria ankasintha masamba, iwo akuloza ndi chala. Tsamba loyamba linali chithunzi cha a Gilibati ali m'suti. Lachiwiri, mbiri ya a Gilibati. Njuchi, eni ake a uchiwo, zinali kumapeto kwenikweni, pamodzi ndi chithunzi cha akazi awo, a Idesi, atasenza ndowa ya uchi, atatsinzina ndi dzuwa.

Tsiku lina Maria anawaonetsa kuti makina osunga webusayitiyo amawerenga alendo: tsamba limene atsegula, tsiku, ndi dziko limene ali. Dzina lokha ndiye satchula. Kumsonkhano a Gilibati anabwera mano onse ali pamtunda, n'kulengeza kuti m'Malawi muno tsamba lotsegulidwa kwambiri ndi la mbiri yawo, choncho alikulitsa. Tinaomba m'manja. Tonse tinkamudziwa Mmalawi wokonda tsambalo, amene ankakwera minibasi mwezi ndi mwezi atavala tayi, koma pakamwa tinatseka.

Panali mlendo wina, wa ku Joni. Ameneyo ankabwera Lamulungu, kulumpha suti, kulumpha mbiri, n'kukatera pachithunzi cha a Idesi basi.

Apa nkhope ya a Gilibati inagwa, ndipo chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa. Nthawi ya riferendamu iwo anali a tambala wakuda, ofuna chipani chimodzi. Mwana wawo yekhayo wamwamuna, Isake, anatenga khala n'kujambula nyali ya ofuna matipate pakhoma la nyumba, mbali yoyang'ana kumsewu. Bambo anamutayira zovala panja anthu akuona. Isake anazitola, n'kulowera ku Joni, ndipo kuyambira pamenepo kunali zii. Pofika zaka za webusayitizi a Gilibati anali atasintha chipani kangapo, koma mwana sanabwerere.

"Ameneyo ndi mwana wanga," anatero a Idesi atamva.

"Amake Isake, makinawo satchula dzina."

"Nanga inu abambo, ndi mzungu wanji angamasiye tchalitchi kuti aziona ine ndi ndowa?"

 Chinkawapweteka a Gilibati n'chakuti mlendoyo ankawadutsa iwo ngati chitsa. Ndiye anaganiza mwauphunzitsi: ngati ana sabwera kubolodi, pita nayo bolodiyo kwa anawo. Anaitanitsa wojambula wa ku Nathenje, navala suti ija, naima pambali pa akazi awo dzanja lili paphewa pawo. Chithunzicho anakachiika m'malo mwa cha ndowa chija.

Mlendo wa ku Joni anabwera kamodzi, naona, osabweranso.

Mwezi unatha, wina n'kutha. A Gilibati ankatsika minibasi osadutsanso pamsika kukacheza. Kunyumba a Idesi anawauza mawu amodzi okha: "Munamuthamangitsa pakhomo. Lero mwamuthamangitsanso m'kompyuta." Ine ndimawaseka kwambiri a Gilibati, koma masiku amenewo ndinkawamvera chisoni. Munthu anaonda mpaka kolala kumazungulira yokha m'khosi.

Anapita kwa Maria kukabwezeretsa chithunzi cha ndowa. Tsamba la mbiri yawo analitsitsa kumapeto, kumbuyo kwa njuchi, popanda wowauza. Oda ya uchi yochokera kunja sinabwere ngakhale imodzi, koma m'kalabu palibe amene ankafunsanso za uchi. Akangotsika minibasi funso linali limodzi: "Wabwera?"

Mvula itagwa, chimanga chili m'maondo, mlendo uja anabwera. Lamulungu, tsamba lomwe lija. A Idesi analulutira mpaka anthu a kuchigayo kuthamangira kuno poyesa kuti kwabadwa mwana.

Tonse tinati basi, a Gilibati aphunzira, asiye zinthu mmene zilili. Koma sitinkawadziwa bwino. Anatenga chithunzi cha awiri chija n'kubwerera nacho ku tauni.

"Mayi Maria, mungathe kundidula?"

"Ndikuchotsenimo, aphunzitsi?"

"Ayi, osati ndense. Musiye dzanja lokha."

Maria anadula. Patsambapo panatsala a Idesi, ndipo paphewa pawo zala za munthu wosaoneka, chimodzi chopindika, chimene aliyense amene anakwapulidwapo ndi a Gilibati ku pulayimale angachizindikire ngakhale ali m'tulo. Mwezi umenewo a Gilibati sanadye bwino. Ankadziwa kuti mlendoyo akathawanso, ulendo uno a Idesi sadzawakhululukira.

Tsiku lokaona litakwana a Idesi anakakamira kupita nawo, ine n'kuwaperekeza. Maria anatsegula, nayendetsa chala pagalasi.

"Wabwera. Lamulungu lililonse. Ndipo sabata yathayi wabweranso Lachitatu."

A Gilibati anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, kupukuta, kupukuta, magalasi oyera kale. Atatha anatsokomola.

"Mwezi wamawa," anatero, "dzanjali tiliike mpaka m'chigongono."