Chaka chimene masipoti anga anakwera padenga

Chiwongolero chake ndi chimene ndimakumbukira kwambiri: waya wautali, wowongoka, wochokera pa mateyala akutsogolo kudzafika m'chiuno mwanga, kumapeto kwake atapindidwa mozungulira ngati pakamwa pa kapu. Pogwirapo ndinakulungapo malegeni akuda kuti dzimbiri lisandidetse, komabe zikhato zanga zinkangonunkha chitsulo ndi mphira, ngakhale nditasamba ndi sopo. Galimotoyo ndinkaitcha Yofiira, chifukwa thupi lake lonse ndinalikulunga ndi ulusi wofiira wa thumba la anyezi. Mateyala anali zivindikiro za zitini za polishi wa nsapato, ziwiriziwiri zoyang'anizana, zopukutidwa ndi phulusa mpaka kumawala.

Ana anzanga ku Kanyama ankapanga zimene ankaziona mumsewu: maminibasi, malole a mchenga, wina mpaka anapanga galimoto yonyamula maliro. Ine ndinkapanga zimene ndinali ndisanaziwonepo ndi maso. M'kalasi mwathu aphunzitsi anapachika kalendala yochokera ku sitolo ina ya mateyala, ndipo mwezi uliwonse unali ndi galimoto yamjaho, zija za zitseko ziwiri, mphuno yaitali, mimba yokhudza pansi. Tinkazitcha masipoti. Anzanga akamalemba masamu, ine ndinkajambula mphuno ya galimoto kumbuyo kwa kope. Aphunzitsi atandigwira sanandimenye. Anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali n'kunena mawu amene sanachoke m'mutu mwanga: "Galimoto yotere kuno kwathu ingafike pamsika itasiya matumbo m'njira."

Sananame. Misewu ya ku Kanyama ndi miyala yotuluka pansi ngati mano, ndipo masipoti anga a waya ankakodwa paliponse. Koma ndani anati sipoti ndi yoyendera? Sipoti ndi yoti anthu aziyang'ana.

Pofika chilimwe cha chaka chimenecho ndinali nawo asanu ndi awiri, onse atafola kunsi kwa bedi limene ndinkagonapo ndi kamlongo kanga. Luso la manja ndinalibe kwenikweni, zoona zake n'zimenezo. Luso langa linali pakamwa. Anyamata amene ankapita kukatola zinthu kudzala la ku Chunga ankabwera ndi waya wokhuthala wa mpanda, ine n'kuwauza kuti wofuna kuyendetsa Yofiira kuchokera pampopi kukafika pakantemba, kaokala kaja ka pakona, alipire waya wotalika ngati mkono. Akabweretsa ndinkauyang'ana monyansidwa, n'kunena kuti ndi wadzimbiri, awonjezere. Ankawonjezera. Lero ndimagulitsa zida za galimoto zakale, ndipo nkhope imene ndimaonetsa munthu akandibweretsera injini ndi yomwe ija.

Nkhopeyo ndinaiphunzira pa tebulo la amayi. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo msika wonse unkadziwa kuti kwa iwo sungawine. Wogula ankati tomato ndi wofewa, iwo n'kungomuyang'ana. Ankati kwa mnzawo ndi wotchipa, iwo n'kumulozera njira yopita kwa mnzawoyo. Pomaliza wogula ankachita chimene aliyense amachita: kutembenuka n'kumachoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuitanidwa. Pamsika lamulo ndi lodziwika, woitana mnzake kuti abwerere ndiye wagonja. Amayi sankaitana munthu. Ankangopitiriza kuunjika tomato anayianayi, wachisanu pamwamba, mpaka wogula uja abwerere yekha akuseka mwamanyazi. "Usaitane munthu," ankandiuza. "Miyendo yamene yamuchosa ni yamene izamubweza."

Nyumba yathu inali chipinda chimodzi chachikulu chodulidwa pakati ndi chitenje. Uku ife ana, uko amayi. Denga linali la malata akale, ogonekedwa pa mitengo, omangidwa ndi waya kukhoma, pamwamba n'kuikapo miyala ndi teyala lakutha. Mwezi wa Okutobala malatawo ankatentha mpaka kumalira okha masana, tha, tha, ngati munthu akuthyola zala. Tsiku lina kamvuluvulu anadutsa mu mzere wathu, ananyamula lata la anansi n'kukaligwetsa pachimbudzi cha nyumba yachitatu. Ife ana tinaseka mpaka kugwa. Amayi sanaseke. Anayang'ana denga lathu, n'kutumiza uthenga kwa amalume ku Matero.

Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anali womanga nyumba wa maganyu. Anabwera Loweruka, anakwera padenga opanda nsapato, n'kutsika ali ndi tizidutswa ta waya m'manja. Anafinya tizidutswato ndi zala ife tikuona, n'kungoyoyoka ngati masamba ouma.

"Ba sisi, apa palibe chamene chagwila. Mvula yoyamba chabe, muzagona panja. Pafunika waya malo sikisi."

Waya wogula kusitolo sunali nkhani yoti n'kuiyamba m'nyumba mwathu chaka chimenecho. Amalume anakhala pabedi pathu kuti amwe madzi, chidendene chawo n'kugunda chinthu kunsi. Anawerama. Ndinamva mateyala a polishi akulira pa simenti, mtima wanga n'kulira nawo. Anatulutsa sipoti imodzi, anayeza chiwongolero ndi mkono wawo, anapinda waya wa thupi pang'ono kuti amve kulimba kwake, n'kuimba kaluzu.

"Mufana uyu ni olemela! Waya yonse ya mu Lusaka ili pansi pa bedi. Motoka imozi, malo yamozi."

Amayi sanazungulire. "Wamvela. Sankha imozi yosala. Zinangu zikwela pamwamba."

Imodzi! Ndinawatulutsa onse n'kuwafoletsa pakhomo, padzuwa, kuti mwina akawaona bwino achita manyazi. Ndipo pamenepo, nditavala kabudula wong'ambika kumbuyo, ndinatsegula malonda oyamba aakulu a moyo wanga, ndi munthu amene msika wonse unkamuopa.

Ndinayamba ndi kunyoza katundu wanga yemwe, monga ndinkaonera. Ndinati waya wake ndi wofewa, sangagwire denga. Amalume anaseka mpaka kutsamwa madzi. Ndinati chabwino, ndipereka awiri, asankhe okha, kupatula Yofiira. Amayi anapitiriza kusenda anyezi. Ndinati atatu, ndipo ndizitunga madzi m'mawa uliwonse osatumidwa. Anati madziwo ndimatunga kale, ndipo kutumidwa sikuwapweteka pakamwa. Ndinayesa misozi. Misozi pamsika ilibe mtengo, ndinkadziwa, koma munthu umayesa zonse.

Nditaona kuti zonse zakanika, ndinatenga chida chomaliza. Ndinalonga masipoti onse m'thumba la makala, ziwongolero zitatulukira kunja ngati ndevu, ndinaliponya kumsana n'kuyamba kuchoka. Kumene ndinkapita sindinkakudziwa. Ndinkayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Ndinadutsa nyumba ya anansi ija yopanda lata. Zii. Ndinafika pampopi, amayi otunga madzi akundiyang'ana. Zii. Waya wina ankandibaya pamsana, miyala inkawotcha kumapazi, ndipo ndinayamba kuwerengera mmene ndibwererere popanda kuoneka kuti ndabwerera. Nditatsala pang'ono kufika pakantemba, ndinamva mawu.

"Iwe! Bwela kuno!"

Ndinaima. Sindinakhulupirire. Amayi, amene sanaitanepo ngakhale mkazi wa wapolisi, andiitana ine. Ndinabwerera ngati bwana, osathamanga, thumba likulira kumsana.

"Sunga ziwili," anatero osandiyang'ana.

Munthu wanzeru akanalandira n'kuthokoza. Koma ine ndinakulira pamsika, ndipo malonda satha popanda mbasela, kaja kowonjezera kamene wogula amapempha zonse zitatha. Ndinakanda mutu n'kunena chapansipansi: "Nanga mbasela, amama?"

Amalume anagwa chagada. Amayi anabisa pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Kenako anakweza zala zitatu. Atatu otsala, anayi okwera padenga.

Kusankha ndiye kunali kovuta kuposa kukangana. Pokangana umakhala ndi mdani. Posankha umatsala wekha ndi zinthu zako, zonse zikukuyang'ana. Ndinakhala pamwala mpaka mthunzi unasuntha. Yofiira inalibe mlandu, imeneyo inali kutsala. Panali ina yoyamba kupanga, yopindika, yonyansa, anzanga ankaitcha Chule. Ndinailakwitsa miyeso n'kukhala yaitali miyendo, ndiye inali yokhayo imene inkayenda pamiyala osakodwa. Ndinaiika kumbali ya zopita, ndinaibweza, ndinaiikanso. Pomaliza ndinadzifunsa kuti kodi Loweruka likafika ndimatulutsa iti? Yankho linali Chule, nthawi zonse. Zinazo ndinkangozitulutsa kuti ndiziwerenge. Yachitatu ndinasankha yabuluu ya zitseko zotseguka, osati chifukwa choikonda, koma chifukwa anyamata a ku Chunga ankaisirira, ndipo chinthu chosiririka sutaya. Wamalonda anali atabadwa kale.

Nkhani imeneyi yandibwerera masiku ano chifukwa pabwalo panga ku Chilenje paima magalimoto atatu enieni, masipoti akale amene ndinagula kwa anthu otopa nawo. Imodzi yokha ndiyo imalira. Akunyumba akuti awiri achoke, pamalopo pakufunika chipinda. Sabata yatha ndinayesa njira yanga yakale: ndinatenga makiyi n'kunyamuka mokwiya, pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Ndinafika pageti. Ndinatsegula geti. Ndinaima mumsewu ngati munthu wodikira minibasi. Palibe anandiitana. Ndinabwerera ndekha n'kunena kuti ndimakaona ngati kukubwera mvula.

Tsiku lija ku Kanyama amalume anamasula anayiwo madzulo omwewo. Ankawongola waya pamwala ndi hamala, nge, nge, nge, ndipo ndinkaona mphuno imene ndinaipinda sabata yathunthu ikusanduka chinthu chowongoka chopanda dzina. Zivindikiro za polishi anandibwezera m'manja, zodzaza chipewa. Atatha anayeza mawayawo n'kupukusa mutu.

"Ba sisi, yakwana malo folo chabe. Yabili yasala."

"Yambilani uku kwa bana," anayankha amayi. "Uku kwanga tizaikapo vimyala."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndinali pomwepo, ndikupukuta Yofiira. Analowa khutu ili n'kukhala penapake m'mutu zaka zambiri osandiuza kanthu.

Mvula inabwera mu Novembala ndi mphepo yake, fungo la fumbi lonyowa, ana tonse kuthamanga mumsewu tili maliseche kumtunda. Kanyama anadzaza madzi monga amachitira, tinakweza bedi pa mabuloko, masipoti atatu aja ndinawapachika pamisomali kukhoma. Asanu ndi awiri sakanakwana pakhomapo, akanawola ndi dzimbiri kunsi kwa bedi. Ndipo ndinadabwa kuona kuti atatu ankandikwanira. Ndinkawadziwa bwino kuposa kale. Chule ndinamuikira mateyala owirikiza kuchokera pa zivindikiro zija, n'kumadutsa m'matope pamene maminibasi a anzanga ankatitimira. Yofiira inkatsika pakhoma Lamlungu lokha, kukauma. Ndikagona chagada ndinkaona waya wanga atazungulira mtengo wa denga, penapake kaulusi kabuluu kapena kobiriwira katatsalira, ndipo ndinkauza kamlongo kanga kuti iyo ndi sipoti yakuti, iyo ndi yakuti. Ndinkanyada. Ndani wina mu mzere wathu amene magalimoto ake ankagwira nyumba?

Mbali yathu denga silinkagwedezeka n'komwe. Kuseri kwa chitenje kokha ndi kumene lata linkadzuka mphepo ikawomba, gu, gu, kumenya mtengo, miyala ikukhuluzika pamwamba. Mvula ikagwa masana amayi ali kumsika, ntchito yanga inali kuika beseni pabedi pawo ndi kulikhuthula likadzaza. Madontho ankalira mosiyana beseni likamadzaza, kuyamba ndi ta, ta, kumaliza ndi chubwi, ndipo ndinkaikonda nyimboyo. M'mawa mwambiri bulangeti la amayi linkakhala litayanikidwa pampanda wa anansi, lolemera, likudontha pakona. Nditafunsa anati amakonda bulangeti lonunkhira dzuwa. Ndinaona kuti ndi nkhani za akuluakulu, n'kupita kukasewera.

Nyengo yonseyo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinauza anyamata a pampopi mmene ndinagonjetsera amayi. Ndinauza aphunzitsi, amene anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kungoti, "Amayi ako aja a tomato? Anakuitana?" Kenako anatseka kope langa n'kundipatsa. Ngakhale amayi enieniwo ankandichitira umboni. Ndikapita kukawathandiza kunyamula bokosi, ankauza anzawo a matebulo oyandikana, mawu ali okwera kuti ndimve: "Uyu muchenjele naye. Ananigonjesa ine, na mbasela anatenga." Azimayiwo ankaseka, ena n'kumandipatsa chitumbuwa, ine n'kumaganiza kuti akuseka amayi.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakangana mitengo ndi anthu amitundu yonse, ndipo ndaphunzira kuti palibe amene amakuitana ngati sanawerengere kale chimene ataye n'kuvomera kuchitaya. Koma pa nthawiyo ndinali mwana wa giredi folo wokhala ndi masipoti atatu pakhoma. Ndinkadutsa pafupi ndi bulangeti lonyowa lija m'mawa uliwonse, Chule ali patsogolo, chiwongolero chili m'manja, pakamwa pakulira injini, ndili wotsimikiza ndi mtima wonse kuti mu Kanyama monse munalibe wochenjera ngati ine.