Gasi wa Galimoto ya Abambo

Anzanga, nkhaniyi ndainyamula mpaka ndatopa nayo. Ndine Anastazia. Mu 1989 ndinkataipa mu ofesi ya parishi yathu kuno ku Lilongwe.

Bambo mfumu anali ndi galimoto yakale ya bedi ndi makatani m'kati, imene ankagonamo akapita kumidzi. Eyakoni yake, makina oziziritsa m'katimo, inafa mu Okutobala. Anaitanitsa mmisiri wa mafiriji wa ku Old Town, dzina lake Mikaili.

Anafika mochedwa, botolo la gasi lili paphewa.

"Pepani achemwali, ayufi anandigwira pamsika, khadi la chipani ndinaiwala. Muli ndi sopo?"

"Mukufuna kusamba?"

Anaseka. "Ayi, tisambitse mapaipi. Pamene patuluke thovu, ndi pamene gasi akuthawira."

Ine ndinkagwira kabeseni, iye n'kumapaka. Tinapeza bowo, anamata, mawa lake gasi wathawanso. Anabweranso... ndipo anabweranso. Ikakwana nthawi ya swala, ankayala katoni kuseri kwa galimoto, ine n'kutulutsa korona wanga. Aliyense ankapemphera zake, kenako tinkagawana chinangwa.

Tsiku lina anati, "Anastazia, ine serious. Ndikufuna ndikaonekere kwa amalume ako."

Sindinagone bwino sabata imeneyo. Msilamu! Ndinapita kukalapa, koma nditagwada ndinasowa tchimo loti nditchule.

Ntchito itatha anati tiyese.

"Lowa m'galimotomu, ika dzanja apa. Zitseko ndi mawindo zitsekedwe, apo ayi sitidziwa ngati ikuzizira."

Tinatseka. Mphepo yozizira inandimenya m'manja, ndinakuwa, "Yagwira!" Tinaseka ngati ana.

Tikutuluka, Mayi Immaculata, apampando a amayi, anali chiimire ndi maluwa a paguwa.

"Mwanawe, m'galimoto ya bedi? Masana ano?"

Lamlungu akuluakulu a mpingo anandiitana. Anati ngati pali chibwenzi, makiyi a ofesi ndisiye. Malipiro angawo ndi amene ankaphunzitsa ang'ono anga. Ndinathamangira ku Old Town.

"A Mikaili, chonde mubwere mudzafotokoze."

Anabwera, atavala malaya oyera. Mumtima ndinkati mwina anena za amalume zija, zivute zitani.

"Eyakoni sayesa zitseko zili pululu," anatero. "Funsani mmisiri aliyense."

Mayi Immaculata anafunsa, "Nanga mtsikanayu ndi ndani wanu?"

Mikaili sanandiyang'ane n'komwe.

"Si ndani wanga, mayi. Ndinkangofuna munthu woika dzanja pamphepo. Mukanakhala pafupi ndinu, ndikanaitana inuyo."

Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo. Makiyi sanandilande.

Ndinamutsatira mpaka pageti.

"Munanena zija kuti mundipulumutse, eti?"

"Ntchito yako yatsala, si choncho? Eyakoni ikadzavutanso, uzani Abambo anditumire uthenga."

Anakwera njinga, n'kumapita.

Anzanga, mpaka lero sindidziwa ngati linali bodza lachifundo kapena zoona. Kushopu kwake sindinapiteko, ndinkaopa maso a anthu. Ndinkangodikira kuti eyakoni ifenso. Abambo akabwera kuchokera kumidzi, ndinkawalandira chikwama n'kufunsa ngati mwaulemu chabe.

"Mwayenda bwanji Abambo? Sikunatenthe m'galimotomo?"

"Ayi mwana wanga, mnyamata uja amaidziwa ntchito."

Ankaidziwadi. Galimoto ija inaguga matayala, inachita dzimbiri, anaigulitsa. Koma gasi wake sanathawenso.