Sabata imene impiresora ya amalume inakana kusindikiza

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachoka kumudzi kwathu, kupitirira Lifidzi, kukakhala kwa amalume anga a Benedito ku Ulongwe kuti ndiyambe sekundariya. Amalume anali ndi kaloja, kasitolo kakang'ono, kuseri kwa msika, momwe ankajambula mafoto a bilyete, chitupa cha unzika. Chuma chonse cha m'kalojamo chinali kompyuta yakale yogula kwa munthu ku Tete, ndi makina osindikizira omwe tonse tinkangoti impiresora. Kompyutayo poyaka inkalira ngati chigayo chakutali. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkasesa ndi kudula mafoto, koma kompyuta anandiletsa kuikhudza.

Amalume ankaopa mavirusi kuposa mbala. Kompyutayo inabwera ili kale ndi antivirusi, pulogalamu yogwira mavirusi, koma mtima wawo sunakhazikike. Loweruka lina mnzawo wa geni ku Kalomwe anawabweretsera disiki ya antivirusi ina yochokera ku Dedza, n'kuwauza kuti iyi ndiye yaukali. Amalume anaiika pamwamba pa yakale ija, akuti agalu awiri amalondera bwino kuposa mmodzi.

Lolemba kunadzaza anthu, chifukwa inali nyengo yolembetsa ana kusukulu ndipo aliyense ankafuna foto. Amalume anajambula, anadina kuti isindikize, impiresora ili zii. Anazimitsa n'kuyatsanso, anauzira fumbi, anasintha chingwe, koma osatheka. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi kupita kwa wojambula wina wa pafupi ndi pokwerera shapa, minibasi zonyamula anthu. Nditafika masana ndinapeza amalume thukuta lili kamukamu, chonsecho kunja kukuzizira.

"Iwe Terezinya, kafulashi kaja ndinakaona m'manja mwako, unakalowetsa umu?"

"Ayi amalume, n'ka mnzanga, muli nyimbo zake. Ndinangomusungira."

"Bodza! Wandibweretsera virusi. Loweruka ukwera shapa, ukathandize amako kukumba mbatata."

Amalume sanali munthu woopseza chabe, akanena ankachita. Kumudzi kwathu sekundariya kunalibe, ndiye kubwerera kunali kusiya sukulu basi. Ndinalumbira, ndinalira, koma mwana angatsutse bwanji malume ake? Sabata imeneyo ndinkapita kusukulu ndikudziwa kuti ndikutsanzika. Zovala ndinalongedza ndekha m'jumbo osadikira kuuzidwa.

Lachinayi amalume anagonja n'kuitana a Dona Selina, mayi amene ankakonza makompyuta m'maofesi a m'tauni. Anabwera pa njinga yamoto, atavala juzi lalikulu la amuna awo. Ine ndinali pakhomo ndi tsache, makutu ali tcheru. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanathamangire kukhudza kompyuta. Anakhala pampando n'kuyamba mafunso.

"Inasindikiza liti komaliza?"

"Loweruka m'mawa."

"Kuchokera pamenepo mwaikamo chiyani?"

"Palibe. Koma mwana uyu..."

"Za mwana tikamba. Ndikufunsa inuyo, bambo Benedito."

Amalume anakanda m'mutu. "Antivirusi basi. Koma imeneyo ndi yoteteza."

A Dona Selina anangoti "Hmm," n'kukoka mpando. Ankagwira chinthu chimodzi, kuyesa kusindikiza, kenako n'kugwira china. Anaimitsa antivirusi yatsopano ija, impiresora osayankha. Ndiye anatsegula malo amene antivirusi imatsekeramo zinthu zomwe yazikayikira, iwo ankati kwarentena, n'kuloza ndi chala. M'menemo munali dirayiva ya impiresora. Anafotokoza kuti dirayiva ndi kapulogalamu kochititsa kuti kompyuta ndi impiresora zimvane. Yathuyo inali yakale kwambiri moti antivirusi yatsopano sinaizindikire, inangoigwira ngati wakuba n'kuitsekera.

"Disiki yomwe inabwera ndi impiresora ili kuti?" anafunsa.

Amalume anayang'ana panja. Disikiyo anali ataimangirira kalekale kumbuyo kwa njinga yawo kuti iziwala galimoto zikamabwera, ndipo inali itakalikakalika. A Dona Selina anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati mwayi wake amalume sanadine pofufuta zonse za mu kwarentena, apo ayi dirayiva ya makina okalamba chonchi akanaisaka mpaka ku Tete.

Anachotsa antivirusi yatsopano ija, nanena kuti ziwiri m'kompyuta imodzi zimangolumana zokhazokha, makamaka ikakhala yofooka ngati yathu. Anabweza dirayiva pamalo pake, anazimitsa n'kuyatsanso. Impiresora inakhosomola, kenako pang'onopang'ono inatulutsa nkhope ya kamnyamata ka makutu otambalala komwe amalume anakajambula Lolemba. Anafufuzanso kompyuta yonse pamaso pa amalume. Virusi munalibe ngakhale imodzi.

Amalume sanapepese. Madzulo tikutseka loja anangoti, "Mawa usachedwe kusukulu," maso ali pa loko. Ndinakamasula jumbo yanga ndikulira, osadziwa ngati ndikulira chimwemwe kapena mkwiyo. Kunena zoona mkwiyo ndi umene unachuluka, ndipo unatenga zaka kuti uthe.

Lero ndine mphunzitsi, ndili ndi ana anga komanso ana a achemwali anga amene ndikuwasunga. Chinthu chikawonongeka pakhomo, maso anga amathamangira kwa ana a achemwaliwo ndisanaganize n'komwe, ndipo ndimachita manyazi ndikadzigwira. Ndimakhala pansi n'kudzifunsa kuti chinagwira ntchito liti komaliza, nanga ineyo ndasinthapo chiyani. Amalume sanali munthu woipa. Kungoti chimene munthu waika ndi manja ake kuti chimuteteze sachikayikira, amayamba wakayikira mwana wa eni. A Dona Selina akanakhala kuti anachokapo sabata imeneyo, ine Loweruka ndikanakwera shapa ija, ndipo amalume mpaka lero bwenzi akuuza anthu kuti mdzukulu wawo anawaphera kompyuta.